Kupeza agogo oiwalaiwala pa kafukufuku kuno ku Mangochi: malangizo kwa obwera kumene

Funso ili ndayankha mpaka kutopa nalo, ana asukulu ochokera ku KUHeS, yunivesite ya za umoyo ija, akabwera ndi mapulojekiti awo, anzathu a m'mabungwe, manesi amene apatsidwa kantchito kapadera, onse amafunsa chimodzimodzi, akuti tikufuna kupanga kafukufuku kapena kuphunzitsa anthu za dementia, matenda oiwalaiwala aja, kuno ku Mangochi nde anthu ake tiwapeza bwanji. Ndaganiza zongolemba kamodzi basi, wina akandifunsanso pa WhatsApp ndizingomuponyera izi.

Dziwiranitu kuti agogo amene adzabwere pa msonkhano wanu pansi pa mtengo wa mango, atasamba atavala bwino, n'kumayankha mafunso mwadongosolo, ambiri mwa iwo si amene mukuwafuna. Amene mukuwafunawo ali pa mkeka kuseri kwa nyumba, ena amatsekeredwa m'nyumba anthu akamapita kumunda poopa kuti asochera, ena abale amawabisa kamba ka manyazi, ndipo ena mudzi unayamba kale kuwanong'ona kuti ndi afiti. Msonkhano uli ngati khoka la maso akuluakulu, usipa umangodutsa. Mukalemba obwera okhawo lipoti lanu lidzati ku Mangochi vutoli ndi lochepa pomwe eni vutowo simunawaone n'komwe.

Kwa amene nkhaniyi ndi yachilendo, dementia si ukalamba wamba ayi, ndi matenda a mu ubongo amene amakula pang'onopang'ono, munthu amayamba kuiwala zimene zangochitika kumene, kusochera m'njira imene wayendamo moyo wake wonse, kulephera kuphika kapena kuwerenga ndalama, mapeto ake osazindikiranso ana ake omwe. A WHO amati pa dziko lonse anthu oposa 55 miliyoni ali ndi vutoli, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, kutanthauza kwathu kuno. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer koma uliponso wobwera kamba ka BP ndi sitiroko, ndipo mmene BP yachulukira m'midzimu umenewu musaunyozere.

1. Mapepala kaye

Ngati ndi kafukufuku musaponde m'mudzi opanda chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, ambiri amadzera ku COMREC ya ku KUHeS kapena ku NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo. Mukachipeza pitani nacho kwa a DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma lino, pa chipatala chachikulu pa Boma, mukadziwitsenso ofesi ya bwanamkubwa ndi ya Social Welfare chifukwa nkhani za okalamba zimadzera kumeneko ndipo mudzawafuna tsiku lina zinthu zitavuta. Izi aliyense amazidziwa nde sindichedwapo. Pamene ambiri amagwa ndi apa, amapereka ku komiti mafomu a Chizungu ndi Chichewa okha, akafika kwa Katuli n'kupeza agogo akuyankhula Chiyao chokhachokha, nde aliyense wa mu timu amayamba kumasulira pakamwa mmene akuonera. Fomu ya Chiyao ikhalepo kuyambira pachiyambi ndipo komiti iidinde nayonso, apo ayi mudzabwerera kukapempha kusintha, miyezi n'kumapita. Mulembemonso momveka kuti mudzatani mukakumana ndi munthu amene sangathe kuvomera yekha, zoti tikaonera komweko ayi.

2. Mafumu, mashehe ndi abusa

Yambirani kwa a T/A, kaya ndi kwa Mponda, Chimwala, Jalasi, Makanjila kapena Nankumba, kenako magulupu, kenako nyakwawa za midzi imene mugwiremo ntchito. Gulupu ndi mfumu yoyang'anira midzi ingapo, nyakwawa ndi ya mudzi umodzi, ndipo amene mwamudumpha ndi amene adzakutsekereni njira mwakachetechete, anthu osabwera inu osadziwa chifukwa chake. Makomiti a chitukuko a ADC ndi VDC muwaonenso. Kuno anthu ambiri ndi Asilamu nde mawu amene shehe wanena ku mzikiti tsiku la Juma amafika kutali kuposa chimkuzamawu chanu cha pa galimoto, ndipo amayi a dawa, amene ndi magulu a amayi achisilamu okumana kuphunzira ndi kuthandizana pa matenda ndi maliro, amadziwa khomo lililonse limene muli wodwala. Chimodzimodzi amayi a Mvano ndi miphakati ya Akatolika. Musangopita mbali imodzi, mukatero mbali inayo idzati ndi za achipembedzo chinacho.

Kwa amfumu nenani zonse, makamaka ngati mudzatenga magazi. Anthu sanaiwale za anamapopa za mu 2017 zimene zinayambira ku Mulanje n'kufalikira maboma ena mpaka anthu kuphedwa. Aonetseni kabotolo kake, muwauze kuti magazi ndi ochuluka bwanji, akupita kuti, adzatani nawo akamaliza. Chimene mwabisa lero chikadzatulukira mawa ntchito yathera pomwepo.

Koma chinthu chimodzi musachite, musawapemphe amfumu kuti akulembereni mayina a okalamba amene mitu sikuyenda bwino. Choyamba adzaona ngati ndi kaundula wa thandizo nde mudzalowa abale awo ndi anzawo amene ali bwinobwino. Chachiwiri, ndipo ichi nde choopsa, pepala limenelo silikhala lachinsinsi, lidzadutsa m'manja mwa nduna ndi alembi, pofika mawa mudzi wonse ukudziwa amene alembedwa.

3. Matendawa muziwatchula bwanji

Mawu akuti misala, kupenga, kuzungulira mutu, asatuluke pakamwa pa munthu wa mu timu yanu ngakhale mocheza. Mukangotero banja limva kuti mwabwera kudzawatengera agogo ku Zomba ku mental, chitseko n'kutseka. Nenani kuti matenda oiwalaiwala, kenako fotokozani zimene anthu amaziona okha, kufunsa funso limodzimodzi kangapo, kunena kuti sanadye atangodya kumene, kuika ndalama penapake n'kumati mdzukulu waba, kufuna kupita kwawo ali pakhomo pawo pomwe. Mukatchula zimenezi mudzaona amayi akuyang'anana. Za Chiyao musakhale pa ofesi n'kupanga mawu anuanu, khalani pansi ndi anthu akuluakulu a dera limenelo, mufotokoze zizindikirozo, iwo akuuzeni mmene amanenera ndi mawu amene ali achipongwe.

4. Timu yanu

Pakhale anthu oyankhula Chiyao chenicheni, osati chongopatsira moni, chifukwa munthu wa dementia chilankhulo chimene anaphunzira atakula chimayamba kuthawa, amabwerera ku chimene anayamwira, nde agogo amene kale ankayankhula Chichewa pa msika lero mwina sangachitsatenso. Pakhale amayi okwanira, pali makomo amene mwamuna wachilendo sangakhale payekha ndi mayi, ndipo nkhani zodzionongera kapena kuvula pagulu wosamalira wamkazi sangazinene kwa mnyamata. Chitenje ndi mpango musaiwale. Alangizi a zaumoyo, a HSA aja, ndiwo maso anu, koma ali kale ndi ntchito zawo za sikelo ndi katemera nde gwirizanani nawo za nthawi ndi alawansi poyera kudzera kwa owayang'anira. Ngati mungathe, pakhale munthu mmodzi wachikulire mu timu, mphunzitsi wopuma kapena mayi wodziwika m'deralo. Agogo a zaka 80 kufunsidwa kuti lero ndi lachingati ndi kamtsikana kosindikiza tabuleti amaona ngati akuseweredwa.

5. Nthawi ndi mtunda

Lachisanu masana musaike kalikonse. Mwezi wa Ramadan anthu amakhala atasala, okalamba ofooka, mayeso a kukumbukira sangatuluke bwino. Nyengo ya zinamwali, cha mu Ogasiti ndi Sepitembala ana akatsekera, makomo ambiri maganizo ali ku jando ndi nsondo. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja amuna amakhala atachezera ku usipa, m'mawa ali mtulo. Tsiku lolandira Mtukula Pakhomo simupeza munthu, ndipo kukagwa maliro ingobwererani, kapena bwino kwambiri khalani nawo pa maliropo.

Za mtunda nde ndinene mosabisa, kafukufuku wambiri wa kuno amathera m'mbali mwa tala, Boma, Mpondasi, Koche, mwina Monkey Bay, chifukwa nkosavuta kufikako ndipo madzulo munthu umagona pabwino. Koma boma lino pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni ndipo ambiri sali pa tala. Kwa Makanjila nthawi ya mvula msewu umavuta zedi, kumapiri a ku Namwera ndi kwa Katuli midzi ina ndi ya njinga yamoto basi. Ikani mafuta ndi masiku a kumeneko mu bajeti pachiyambi pomwe, mukati tidzapitako ndalama zikatsala simudzapitako.

6. Kuwapeza eni ake

Apa nde pagona nkhani, ndipo malangizo ambiri amangoti pitani khomo ndi khomo basi ngati kuti ndi zophweka.

Yambani ndi kuphunzitsa, kulemba mayina kubwere pambuyo. Misonkhano yoyamba musanyamule fomu, ingofotokozani matendawa kwa aliyense, achinyamata omwe akhalepo chifukwa nthawi zambiri amene amayamba kuloza agogo chala ndi a m'banja momwemo. Ndipo nkhani ya ufiti musaizembe. Munthu wa dementia amatha kudzuka pakati pa usiku n'kutuluka osavala, m'mawa n'kupezeka pakhomo pa eni kapena kumanda, akamufunsa ayankha zosagwirizana, akamuopseza kuti vomera iye n'kuvomera chilichonse, mwina kutchulanso mayina a anthu amene anamwalira kalekale. Kwa anthu amene sanamvepo za matendawa umenewo ndi umboni wokwanira woti wagwa akutamba. Mukukumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa atawaganizira kuti ndiwo anachititsa imfa ya mtsikana amene anawombedwa ndi mphenzi, sindikunena kuti iwowo anali ndi dementia ayi, ndikunena kumene manong'onong'o amathera. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo ndi bwino amfumu kapena wapolisi wa m'deralo alinene yekha pa msonkhano. Inu musayambe mtsutso woti ufiti ulipo kapena kulibe, simupambana ndipo mutaya anthu. Ingonenani kuti zimene mukuonazi zili ndi matenda ake, amapezeka pa dziko lonse, ngakhale kwa azungu amene za ufiti sazilabadira.

Mukayamba kuyendera makomo, yenderani khomo lililonse limene pali munthu wa zaka 60 kupita m'mwamba, osati okhawo amene mukuwaganizira. Ndi ntchito yambiri inde, komatu ndi njira yokhayo yoti khomo lina lisaoneke lapadera. Galimoto yolembedwa dzina la bungwe ikaima pakhomo limodzi lokha, pofika madzulo ku mjigo nkhani ndi yomweyo, akuti kwa agogo uje kunabwera a chipatala cha amisala. Siyani galimoto pa sukulu kapena kwa amfumu muyende wapansi, anthu awiri kapena atatu basi osati chigulu. Ndipo pa makomo onsewo muzichita zofanana, kuyeza BP, kucheza za umoyo wa okalamba, kuti wodutsa asathe kusiyanitsa.

Mutsegulenso kakhomo kena kambali. Lengezani kuti amene ali ndi nkhawa ndi kholo lake akhoza kunong'oneza mlangizi wa zaumoyo kapena kubwera pa chipatala chaching'ono tsiku lakuti, popanda wina kudziwa. Mabanja ambiri amene anakhala chete pa msonkhano amadzera pamenepa patapita masiku. Kwa mlangizi kapena mtsogoleri wa amayi, paokha, funso limene limathandiza si loti ndani ali ndi matendawa, koma loti ndani amene kale sankajomba ku maliro kapena ku mapemphero koma masiku ano saonekanso. Mukauzidwa, pitaniko pamodzi ndi makomo oyandikana nawo tsiku lomwelo.

Zaka musangokhulupirira chiphaso cha unzika, okalamba ambiri tsiku lobadwa anachita kuwaganizira polembetsa. Funsani kuti njala ya 1949 inawapeza ali bwanji, pa ufulu wa 1964 anali atakwatiwa kapena ayi, akukumbuka pamene pa Boma pankatchedwa Fort Johnston. Za nkhondo ya a Chipembere ya 1965 samalani nazo, mabanja ena kuno anavutika kwambiri nthawi imeneyo, akaiyamba okha mvetserani koma inu musaikumbe.

Ndiye pakutha pa sabata iliyonse khalani pansi muone amene mwalemba, mudzifunse kuti akusowa ndani. Nthawi zambiri amasowa agogo okhala okha opanda wowayankhulira, agogo aakazi amene akulera adzukulu makolo ali ku Joni, osamva, osaona, ogona pansi osadzuka, madala amene anali pa chikamwini mkazi atamwalira n'kubwerera kwawo kumene sakuwerengedwanso kwenikweni, ndi a midzi ya kutali ija. Ngati mwa anthu anu ambiri ndi amuna odziwa kuwerenga a pafupi ndi msika, imani kaye mukonze, musadikire mpaka kumapeto. Ndipo ngati kafukufuku wanu akulola, kumbukirani kuti alipo osafika zaka 60 amene ali ndi vuto lomweli kamba ka sitiroko, mowa kapena HIV.

7. Chilolezo cha munthu amene akuiwala

Iyi nde ntchito yovuta kuposa zonse ndipo apa musathamange.

Mukafika pakhomo moni woyamba upite kwa agogo eni ake, osati kuyankhula ndi mwana wawo iwo ali pomwepo ngati kulibe. Khalani pansi pa mkeka, ngati akupatsani mpando iwo ali pansi ukaneni mwaulemu, muwatchule agogo kapena anganga, kapena dzina la ulemu limene a pakhomopo akugwiritsa ntchito. Pitani m'mawa, ambiri mutu umasokonekera kwambiri dzuwa likapendeka. Onani kaye ngati akumva, nthawi zina amene mukumuyesa wosokonezeka ndi wogontha chabe, khalani moyang'anana naye muyankhule momveka osakuwa.

Fomu musaiwerenge yonse ulendo umodzi, palibe angaigwire ngakhale ine. Nenani pang'ono, muime, muwafunse abwereze m'mawu awo. Agogo, ife tabwera kudzatani? Mukakana chichitike n'chiyani? Kodi tabwera ndi mankhwala? Ngati akutha kunena kuti mwabwera kudzafunsa mafunso, mankhwala mulibe, ndipo akakana palibe chowachitikira kuchipatala, ndiye kuti angathe kuvomera okha, ngakhale kuti mawa adzakhala atakuiwalani. Kuiwala pakokha sikumulanda munthu ufulu wosankha, ndipo kuthamangira kwa abale pomwe mwini wake akutha ndi chipongwe.

Koma samalani ndi eya. Okalamba athu mlendo samukanira pamaso, makamaka akamva kuti wachokera ku boma kapena wadzera kwa amfumu, eya ameneyo ndi ulemu chabe. N'chifukwa chake mafunso anu asakhale oyankha kuti eya kapena ayi. Ndipo nenani kangapo konse kuti amfumu anatilola kulowa m'mudzi koma sanakulamuleni inu kuvomera.

Nanga ngati sangathe? Apa nde pamavuta chifukwa fomu imangoti wachibale, pomwe pakhomo la kuno achibale alipo amitundu itatu. Pali amene amawasambitsa ndi kuwadyetsa tsiku ndi tsiku, kawirikawiri mwana wamkazi kapena mdzukulu, ameneyu ndi amene akudziwa zonse. Pali mwini mbumba, mlongo wawo wa agogowo kapena mwamuna wamkulu wa ku chikazi amene nkhani zikuluzikulu za banja zimadzera kwa iye, mwina amakhala mudzi wina. Ndiye pali mwana amene ali ku Joni amene amatumiza ndalama, sanawaone mayi ake zaka zingapo koma akakana pa foni zonse zaima. Mukasainitsa wosamalira yekha mwini mbumba asakudziwa, mwamuika mayiyo m'mavuto, adzamufunsa kuti unawagulitsa amayi kwa ndani. Mukasainitsa mwini mbumba yekha, wavomera munthu amene sadzakhalapo tsiku limene inu mukubwera. Nde tsatirani zimene komiti inavomereza za amene asaine, koma onse atatu amve nkhaniyi. Siyani pepala, jambulani uthenga wamawu wa Chiyao kapena Chichewa woti atumizire wa ku Joniyo pa WhatsApp, muwapatse masiku akambirane, mudzabwerenso. Kubwera kawiri pakhomo limodzi musakuone ngati kutaya nthawi, kuikeni mu pulani. Ndipo ngati wosamalira ndi mdzukulu wosafika zaka 18, zimene zimachitika kwambiri, iyeyo sangasaine, funani wamkulu, komanso dziwitsani a Social Welfare chifukwa mwana ameneyo mwina sukulu anasiya.

Ngakhale banja lonse livomere, agogo akakana akana. Kukana kwake mwina sikukhala kwa mawu, amabweza dzanja mukafuna kuyeza BP, amatembenukira kukhoma, amayamba kulira kapena kudzuka kuti azipita. Siyani. Abale adzati musawamvere amatero awa, inu muwathokoze n'kunyamuka, mukhoza kudzayesanso tsiku lina kamodzi, akakananso basi. Ndipo ulendo uliwonse mukabwera dzifotokozeni mwatsopano n'kupemphanso, chidindo cha mwezi watha sichikutanthauza kuti lero akufuna.

Za chidindo cha chala, ambiri sadziwa kulemba nde pamafunika mboni yodziwa kuwerenga imene si ya mu timu yanu, asankhe okha a pabanjapo, ndipo ndibwino isakhale mfumu kapena nduna yake. Anthu amaopa kudinda, ena amaganiza za kulandidwa munda ena za satana, nde werengani mokweza pamene akudindapo ndipo kope imodzi itsale pakhomopo.

Maso akhale otsegula. Mukaona wachibale amene akukakamira kwambiri za ndalama, kapena sakulola kuti agogo ayankhe kalikonse, kapena mwapeza agogo omangidwa chingwe, a mabala, anjala, musangolemba mu tabuleti n'kumapita. Kumanga nthawi zambiri si nkhanza yadala, ndi mayi wotopa amene akuopa kuti kholo lake likagwera m'nyanja iye ali kumunda, nde yambani ndi kukambirana njira zina. Koma pamene moyo uli pa ngozi, kapena mwamva kuti mudzi ukukonza zowathamangitsa, dziwitsani a Social Welfare ndi a Victim Support Unit ku polisi tsiku lomwelo. Zimenezi muzinene poyamba pomwe popempha chilolezo, kuti chinsinsi tisunga koma tikaona ngozi tidzanena. Zithunzi za pa Facebook zoonetsa kuti tili ku field, agogo ali pambali, ayi ndithu.

8. Mafunso oyezera

Mafunso ambiri oyezera kukumbukira, monga MMSE, anapangidwira anthu opita kusukulu, amauza munthu kuti alembe chiganizo, achotsere 7 pa 100, ajambule zinthu ndi pensulo. Agogo amene sanagwirepo pensulo adzalephera ali bwinobwino, inu n'kuwalemba kuti akudwala. Funani zoyezera zimene zinapangidwira anthu osaphunzira, monga IDEA imene inapangidwa ku Hai m'dziko la Tanzania, imafunsa zinthu ngati mlatho n'chiyani, mfumu ya mudzi uno ndani, tchulani nyama zimene mukuzidziwa, ndi kuyala timitengo ta machesi motsanzira. Nayonso iyesedwe kaye m'Chiyao ndi m'Chichewa musanaidalire. Muzifunsanso wosamalira payekha zimene zasintha poyerekeza ndi kale, ndipo anthu oonerera achoke, agogo akalephera funso ana n'kuseka sadzayankhanso.

Zoyezerazi sizinena kuti munthu ali ndi dementia, zimangosonyeza amene akufunika kuonedwa ndi dokotala, nde wa mu timu asatuluke pakhomo atanena kuti agogo anu ali nayo. Pali zina zofanana nayo zimene zimachizika, kukhumudwa kwambiri, kusamva, ng'ala. Ndipo ngati abale akuti kusokonezekaku kwangoyamba dzana, ameneyo si wa kafukufuku wanu, ndi wa kuchipatala lero lomwe, mwina ndi malungo, shuga, matenda a m'chikhodzodzo kapena sitiroko. Musanayambe ntchito gwirizanani ndi a zamaganizo pa chipatala cha pa Boma, komanso zipatala ngati St Martin's ku Malindi kapena Monkey Bay malinga ndi dera lanu, kuti amene mwawatumiza akalandiridwa ndi ndani tsiku liti.

9. Ndalama, ndi zimene mudzasiye

Perekani zimene komiti inavomereza basi, mofanana kwa aliyense, ndipo nenani kuti ndi zobwezera nthawi ndi thiransipoti, si malipiro ndipo si thandizo la mwezi ndi mwezi. Wosamalira nayenso wataya tsiku la kumunda kapena la geni, muwerengereni. Nenaninso mosapsatira kuti mankhwala ochiza dementia palibe, chifukwa mukangokhala chete anthu adzadikira, ndipo akadzaona kuti simunabweretse kanthu amene adzabwere pambuyo panu adzakanidwa.

Chimene mungasiye ndi maphunziro a osamalira, ndipo awa musawaike kumapeto ndalama zitatha. Zinthu zake ndi zazing'ono koma zimasintha pakhomo, osakangana ndi agogo akamati sanadye, apatseni kachakudya pang'ono kapena sinthani nkhani, machesi ndi mankhwala a mbewu zikhale patali, asokereni kansalu kolembedwa dzina la mudzi ndi nambala ya foni m'chovala, auzeni oyandikana nawo ndi anyamata a kabaza kuti akawaona panjira awabweze mwaulemu, mankhwala a BP asadumphe, ndipo abale azisinthana kuti mmodzi asafe nayo yekha ntchito. Osamalira a midzi yoyandikana akakumana kangapo amayamba kuthandizana okha, makamaka mukawalumikiza ku gulu limene lilipo kale ngati la dawa, la Mvano kapena banki m'khonde.

Zotsatira zikatuluka bwererani kwa a T/A ndi magulupu omwe aja mukanene m'Chiyao ndi m'Chichewa, manambala a dera lonse osati a mudzi umodziumodzi, chifukwa mukati m'mudzi muno tapeza atatu anthu ayamba kuwerenga makomo. Wailesi ya Dzimwe ndi Radio Maria zimamveka kuno nde pemphani nthawi, makamaka cha pa 21 Sepitembala limene ndi tsiku lokumbukira matenda a Alzheimer pa dziko lonse, koma pa wailesipo musatchule mudzi kapena banja. Pepala limene lili ndi mayina enieni likhale lokhomeredwa ku ofesi, m'matabuleti muzikhala manambala okha, ndipo mavolontiya a m'mudzi asatsale ndi kope ngakhale imodzi ntchito ikatha.